Mutu Wachisanu: Kaphini Kosaoneka

1. Lamulo la m'shopu

Shopu ya telala inali chipinda chimodzi chopanikizika, pakati pa wometa ndi wokonza mafoni. Munali makina awiri osokera, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi galasi lalitali limene linkanenepetsa aliyense wodziyang'anirapo. Makasitomala ankalidandaula galasilo, koma mwini shopu ankati wodana ndi galasi achepetse kudya.

Mwini shopuyo anali mayi wa ana awiri aakazi. Wamkulu anakwatiwa kutali, ulendo wa maola asanu pabasi. Wamng'ono anali kusekondale, ndipo akaweruka ankabwera kudzapinda mipendero ndi kusokerera mabatani. Ameneyu ndiye mwini nkhani yathu. Pamzere wonse wa mashopuwo ankamutcha Maginito, chifukwa m'thumba mwake simunkasowa kachitsulo ka maginito kotolera timaphini togwa pansi.

Tsiku limene mayi ake anamulola koyamba kukhala pamakina, anamupatsa lamulo.

"Mwananga, tamvera. Ntchito ino ndi ya manja koma imafuna maso. Msoko ukakhota, kasitomala adzanyinyirika n'kubweranso. Batani likagwa, adzangoseka. Koma kaphini kamodzi kakatsalira m'chovala kakhoza kubaya munthu, ndipo akakhala mwana wakhanda sangathe n'komwe kuloza pamene pakumuwawa. Amangolira, mayi ake n'kumamuyamwitsa, kaphini kali m'thupi. Ndiye chovala chilichonse usanachipinde, uziyendetsa dzanja m'misoko yonse. Kamodzi kokha, koma mofatsa."

Anali mawu abwino, ndipo telala aliyense wanzeru angawavomereze. Maginito anawasunga onse kupatula awiri ofunika kwambiri aja: kamodzi kokha.

Anayamba ndi kawiri. Chaka chisanathe kunali kasanu, kenaka kasanu ndi kawiri, choyamba ndi dzanja, pambuyo pake ndi maginito. Munthu akamulankhulitsa ali pakati, ankayambiranso. Buluku limene mayi ake akanalimaliza m'mphindi khumi, iye linkamudyera ola lathunthu.

Mayi ake ankanyadira. "Mwana wanga uyu ndi wosamala, anatengera ine," ankauza makasitomala. Anthu ankayamikira, osaona kuti nsonga za zala za mwanayo zinali zitasupuka.

2. Kadiresi kachikasu

Mkulu wake anabwera kudzachirira kwa mayi awo, ndipo kunabadwa mwana wamkazi. Maginito anasangalala kwambiri. Anasankha nsalu yachikasu yofewa n'kusoka kadiresi ka kolala yozungulira. Kanatha m'masiku awiri, ndipo kanali kokongola moti wometa anafunsa ngati pali saizi yake.

Akukapinda kuti akapereke, chithunzi chinabwera m'mutu mwake. Anaona kaphini kali m'kati mwa mpendero, khanda likulira, ndi kadontho ka magazi pansalu yachikasu. Ankadziwa kuti anagwiritsa ntchito timaphini tisanu ndi kamodzi, ndipo tonse tinabwerera m'kachitini. Koma ganizo linamufunsa kuti, nanga ngati unawerenga molakwa?

Anatenga lezala n'kuphwasula mpendero wonse. Munalibe kanthu. Mtima unakhala pansi, koma unakhala pansi kwa kanthawi kochepa, chifukwa kuti asokenso mpenderowo anayenera kubayanso timaphini. Atamaliza, ganizo lija linali likumudikira.

Anaphwasula kasanu ndi kanayi, ndipo ulendo womaliza anausiya mpenderowo wosasoka. Nthawi iliyonse ankadula pang'ono m'mphepete mwa nsalu pamene panabooka. Kadiresi kankafupika, mwana ankakula.

Kenaka mantha anasamuka pakadiresi n'kubwera pathupi pake. Nanga ngati kaphini kakola m'mkono wa malaya ake, kapena m'tsitsi? Anasiya kuyandikira khanda. Lero ankati ali ndi chimfine, mawa ankati manja ndi akuda, mkuja ankati ali ndi ntchito ya kusukulu.

Tsiku lina masana mkulu wake anamutsekereza pakhomo la khitchini, mwana ali m'manja.

"Tandiuza, mwanayu anakulakwira chiyani? Wometa wamunyamula. Wokonza mafoni wamunyamula, ndi manja ake a girizi aja. Iwe ndiwe mayi ake aang'ono, koma ukamuona umadutsa cham'mbali ngati waona moto. Ngati ndi nsanje, nena. Kwatsala milungu itatu kuti tibwerere kwathu. Ndikachoka pano usanamugwire, ndidzadziwa kuti ndilibe mng'ono wanga."

Maginito akananena bwanji kuti tsiku lonse amaona mwanayo akuvulala, ndipo womuvulaza ndi iye? Anaopa kuti amuyesa wamisala, kapena woipa mtima. Anazyolika, ndipo mkulu wake anamusiya pomwepo n'kulowa m'chipinda.

3. Chitseko chobiriwira

Lachitatu linali tsiku la sikelo. Sukulu inali yotseka, choncho mayi awo anamutuma kuti aperekeze mkulu wake kuchipatala ndi kumunyamulira chikwama cha matewera. Njira yonse sanalankhulane.

Mzere unali wautali. Mkulu wake atalowa ndi mwana, Maginito anatsala pabenchi. Anaika chikwama pansi, anatulutsa maginito, n'kuyamba kuyendetsa m'mikono ya malaya ake asanachigwirenso. Ankachita mobisa, dzanja lili pansi pa chigongono, monga anazolowera.

"Umachita kangati?"

Wofunsayo anali namwino wachikulire, wa imvi, magalasi atalendewera pachingwe m'khosi. Anali ataima chapatali ndi mafayilo m'manja.

"Palibe chimene ndikuchita, amayi."

"Chabwino. Koma chimene sukuchitacho umachita kangati?"

Maginito anayankha motsitsa mawu. "Kasanu ndi kawiri."

"Ndipo poti ndakusokoneza, uyenera kuyambiranso."

Chinsinsi chimene Maginito anachibisira mayi ake omubala kwa zaka ziwiri, mlendo anali atachiwerenga ali chiimire. Anamuyang'ana namwinoyo mwamantha ndi modabwa.

"Sindine wamatsenga," anatero namwino uja akumwetulira. "Ndagwira ntchito ndi anthu ovutika maganizo kwa zaka makumi awiri. Chipinda changa ndi icho, cha chitseko chobiriwira. Sindikukoka. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Anapita n'kutseka chitseko chake.

Maginito anakhalabe pabenchi. Akalowa, ayenera kunena zonse, ndipo mawu akatuluka sabwerera. Akapanda kulowa, milungu itatu idzatha, basi idzanyamuka, ndipo mkulu wake adzapita ndi mtima umene uja. Anamva khanda lina likulira m'chipinda cha katemera. Anaimirira n'kukagogoda.

4. Dzina la chinthucho

M'chipindamo munali tebulo, mipando itatu ndi duwa lofota pawindo. Maginito anayamba mwachibwibwi, kenaka mawu anangokhuthuka. Ananena za buluku lodya ola lathunthu, za kadiresi, ndi za chithunzi cha magazi. Pomaliza anafunsa funso limene linkamusowetsa mtendere.

"Kodi ndiye kuti mumtima mwanga ndimafuna kumuvulaza?"

"Munthu wofuna kuvulaza mwana saphwasula kadiresi kasanu ndi kanayi," anayankha namwino. "Tamvera bwino, mwananga. Chimene chikukuvutachi chili ndi dzina. Madokotala amachitcha OCD, matenda a maganizo okakamira. Si misala, si tchimo, ndipo palibe amene anakuchita chipongwe. Pa anthu zana limodzi, mmodzi kapena awiri ali nawo. Ena amasamba m'manja mpaka khungu kung'aluka. Ena amabwerera kakhumi kukaona ngati atseka chitseko. Ena amabwereza mawu chamumtima, moti palibe amene angaone.

"Maganizo oopsa amabwera kwa munthu aliyense. Ine ndemwe ndikanyamula khanda pamasitepe, ganizo limandidutsa loti nanga nditaligwetsa. Limadutsa n'kupita. Kwa iwe silipita, limakakamira, ndipo limakonda kugwira pamene munthu akukonda kwambiri. Likakupanikiza, iwe umafufuza kuti mtima ukhale pansi. Umakhaladi pansi, koma ubongo umaphunzira kuti chakupulumutsa ndi kufufuzako, ndiye mawa umafuna kufufuza kochuluka. Zili ngati kukanda chilonda. Kumakoma, koma chilonda chimakula."

Maginito anamvetsera kukamwa kuli yasa. Chinthu chimene ankachiyesa chake yekha, chamanyazi, chopanda dzina, chinali cholembedwa m'mabuku, ndipo anthu a m'maiko ena amene sanagwirepo makina osokera ankachidziwa. Anazizwa kuti mutu wa munthu ungathe kudzinamiza wokha chonchi.

"Nanga mankhwala ake alipo?"

"Alipo. Ena timawapatsa mapiritsi, makamaka matenda akakula, ndipo amatenga milungu ingapo kuti ayambe kugwira ntchito. Ngati udzawafuna, tidzakambirana ndi adokotala. Koma chithandizo chachikulu ndi ichi: udzachita dala chimene umachiopa, n'kusiya kufufuza. Tidzayamba ndi zazing'ono ngati kukwera makwerero. Mantha adzabwera, iwe udzakhala nawo osawathamangitsa, mpaka ubongo uphunzire kuti ungathe kukhala osatsimikiza. Lachisanu ubwere ndi mayi ako."

Lachisanu mayi ake anabwera atavala bwino, nkhope ili yodandaula. Atamva zonse anagwira pakamwa.

"Ndiye ndi ine ndinamudwalitsa ndi lamulo langa lija?"

"Ayi, mayi. Lamulo lanu ndi labwino, ndipo mukanapanda kulinena matendawa akanapeza pena pogwira. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikuchenjezeni, ndipo ndi chovuta kwa kholo. Mwanayu azikufunsani kuti, amayi, mulibe kaphini eti? Mtima wanu udzafuna kunena kuti mulibe, mwananga, usaope. Musanene. Yankho limenelo ndi kukanda komwe kuja, kungoti mwamubwereka chala chanu. Mukamuyankha lero, mawa adzafunsa kawiri, mkuja kasanu. Musamufufuzire chovala, musamumalizire ntchito yake, komanso musamukalipire, chifukwa sakuchita dala. Adzalira, adzakukwiyirani, mwina adzanena kuti simumukonda. Inu khalani naye pafupi ndipo mupirire."

5. Mphindi makumi anayi

Anayamba Lolemba masana. Maginito anapereka kachitsulo kake kwa mayi ake, ndipo iwo anakatsekera m'kabati ya ulusi. Ntchito yoyamba pamakwerero inali buluku la mphunzitsi wina, munthu wamkulu wa khungu lolimba. Analipinda miyendo, analisoka, anayendetsa dzanja m'misoko kamodzi, n'kulipachika.

Namwino anali atamuphunzitsa kuyeza mantha ake kuyambira ziro mpaka teni. Atangochotsa dzanja pabuluku, anafika pa naini. Zala zinkayabwa kufuna kubwerera.

"Amayi, mulibe kaphini eti?"

Makina a mayi ake anaima. Milomo yawo inayamba kale kupanga yankho lakale, koma analimeza.

"Mwina muli, mwina mulibe. Khala pansi apa pafupi ndi ine."

"Mungondiuza kamodzi kokha. Chonde."

"Mwina muli, mwina mulibe."

Maginito analira. Ananena kuti mayi ake ndi ouma mtima, ndipo namwino uja sadziwa kanthu za kusoka. Mayi ake anapitiriza kupalasa makina misozi ili m'maso, ndipo msoko umene anasoka nthawi imeneyo unakhota koyamba m'zaka zambiri.

Wotchi ya pakhoma inkayenda ngati yatopa. Patapita mphindi khumi, mantha anali pa naini pomwe. Wometa anasuzumira kudzabwereka sizasi, anaona nkhope ziwirizo, n'kubwerera chammbuyo osapempha kanthu. Patapita mphindi makumi awiri anali pa seveni. Maginito anayamba kumva wailesi ya wokonza mafoni, imene nthawi yonseyi sankaimva.

Pamphindi makumi anayi anadzifunsa, n'kupeza kuti ali pa folo. Sanafufuze, palibe amene anamutsimikizira, buluku linali pomwe analipachika, koma mantha anali atatsika okha. Kwa zaka ziwiri ankakhulupirira kuti akapanda kuwamvera adzakula mpaka kumuphulitsa mtima. Anayang'ana manja ake, ali ndi chidwi chachikulu ngati munthu amene waona chinthu chimene anangomva m'mabuku.

"Amayi, akutsika okha," anatero monong'ona.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anayankha mayi ake akupukuta m'maso ndi chigamba.

Sikuti zonse zinayenda myaa. Lachinayi anagonja, n'kuphwasula siketi ya yunifolomu mayi ake atapita kukagula mazipi. Anakaulula kwa namwino akuyembekeza kukalipiridwa, koma namwinoyo anangoti wogwa pamakwerero sabwerera kunyumba, amapondanso pomwe anaterereka. Anapitiriza. Pambuyo pa mabuluku panabwera mayunifolomu a ana asukulu, ndipo pambuyo pake malaya a mwana wa zaka zitatu.

Sabata yachiwiri ikutha, anatenga kadiresi kachikasu n'kupita nako kwa mkulu wake. Sanadziwe poyambira, choncho anangokatambasula pabedi n'kuloza timabowo ta singano tondandalika m'mphepete. Kenaka anafotokoza zonse.

Mkulu wake anayendetsa chala pa timabowoto kwa nthawi yaitali.

"Ine ndimati umadana ndi mwana wanga," anatero. "Bwera umunyamule pompano, ndiona ndekha kuti ulibe kaphini."

"Ayi, achemwali. Mukandifufuza ndiye kuti takanda chilonda. Ndidzamunyamula popanda wondiyang'ana m'mikono. Mundipatse masiku."

"Masiku atsala asanu ndi awiri."

"Ndikudziwa."

6. Pamwamba pa makwerero

Loweruka m'mawa zikwama zinali kale pakhomo. Maginito anakhala pamakina kushopu n'kusoka mpendero wa kadiresi kachikhumi. Anabaya timaphini, anasoka, anatizula, anayendetsa dzanja kamodzi mofatsa. Mantha anafika pa naini, koma anaimirira nawo n'kupita nawo kunyumba.

Anamuveka mwanayo yekha. Kadiresi kanali katafupika moti thewera lonse linali pamtunda, ndipo mayi awo anati sanaonepo telala wosoka diresi n'kutulutsa bulauzi. Onse anaseka kupatula Maginito, amene anali akulowetsa manja pansi pa khanda.

Anamunyamula.

Sankadziwa kuti khanda limalemera chonchi, kapena kuti limatentha ngati buledi wongophula kumene. Paliwombo pa mwanayo pankagunda pang'onopang'ono pansi pa tsitsi lofewa, ndipo Maginito anayang'anitsitsa mopanda kuphethira, pozindikira kuti akuona moyo weniweniwo ukugwira ntchito. Kadzanja kanatambasuka n'kugwira chala chake chosupuka chija mwamphamvu. Ganizo la kaphini linalipo, likulankhula monga mwa masiku onse. Iye analisiya lilankhule, ndipo mwanayo sanamutule mpaka pamalo okwerera basi.

Mkulu wake anamukumbatira ndi dzanja limodzi. "Mayi ake aang'ono, tchuthi chikubwerachi tikudikira."

Basi inanyamuka.

Patapita ola limodzi, ali m'shopu, foni ya mayi ake inalira. Anali mkulu wake, ndipo ankafuna Maginito. Kumbuyo kwa mawu ake kunkamveka khanda likulira mosalekeza.

"Chichokereni sakutonthola. Ndamuyamwitsa, ndamusintha thewera, koma ayi ndithu."

Mantha anafika pa teni. Funso linali kale pa lilime: tamuvulani kadiresiko, taonani mumpendero. Anayang'ana mayi ake. Iwo anali atasiya kudula nsalu, sizasi ili m'mwamba, pakamwa atatseka.

Maginito anadziwa kuti anafufuza kamodzi, mofatsa, monga telala aliyense amachitira. Anadziwanso kuti mwanayo ali m'manja mwa mayi ake, amene ali ndi maso ndi nzeru zawo.

"M'basimo mukutentha?" anafunsa.

"Ngati mu uvuni."

"Tsekulani windo pang'ono. Ndiye muike foni pakhutu pake, ndimulankhule."

Anayamba kumuuza mwanayo za galasi lonenepetsa anthu ndi za wometa wofuna diresi. Sanafike patali. Basi inalowa m'mapiri, mawu anadukaduka, ndipo foni inazima mwana akulirabe.

Anayesa kuimbanso kamodzi, koma sinalowe. Kunali kutatsala maola anayi kuti basi ifike, ndipo m'maola onsewo panalibe munthu padziko amene akanamuuza chimene chinkamuliza mwanayo.

Anaika foni patebulo. Pamakina ake panali mulu wa mayunifolomu ofunika Lolemba.

"Amayi," anatero, "ndipatseni kachitini ka timaphini."